Ndulu ya Akazi Anga Ili Pansi pa Mtsinje

Ine sinditaya pepala. Adzukulu anga amandiseka, akuti tsiku lina chiswe chidzandithokoza, koma aseke. M'bokosi lachitsulo limene limalendewera kudenga, pamene madzi osefukira safika msanga, muli ziphaso za msonkho kuyambira pamene ndinamera ndevu, makalata a ubatizo a ana anga, matikiti a sitima, ngakhale timapepala ta pamsika wa thonje timene inki yake inazimiririka kalekale. Lililonse lili ndi chimene limanena. Koma muli limodzi losanena kanthu. Ndi la kuchipatala, lofiirira tsopano ngati tsamba la fodya. Pamwamba dokotala analemba kuti anachotsa ndulu ya akazi anga. M'munsi, pamene anayenera kulemba zimene anapeza m'ndulumo, anasiya poyera. Ndakalamba nawo malo oyerawo, ndipo mkwiyo wake sunandithere.

Ndinabadwira kutsidya, m'dziko la Apwitikizi. Makolo anga anathawa ntchito yokakamiza ine ndili kumsana, nakakhala ku Marka, kumene munthu amalima munda umodzi m'maiko awiri. Kumeneko ndinaphunzira kulemba pasukulu ya mishoni, ndipo nkhondo yachiwiri ya Ajeremani itatha ndinapeza ukalaliki pamsika wa thonje pafupi ndi Chiromo. Ndinakwatira kwa Mlolo, m'banja la asodzi a Chimang'anja. Kwathu kwa Asena mwamuna amapereka chuma n'kupita ndi mkazi kwawo. Kwa Amang'anja ine ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma nthaka, ana, ndi mkazi yemwe, mwini wake anali mlongo wawo wa akazi anga, alamu anga aakulu. Anali munthu wamapewa otambalala, wopalasa mwadiya, bwato lathu losema, ataimirira, wokonda nthabwala. Ankanditchula alamu a mapepala, ndipo ankati mkamwini ndi mlamba, ukamugwira molimba ndi pamene amapulumuka.

Ndikatseka maso ndimaliona dambo monga linalili masiku amenewo. M'mawa nkhungu inkagona pamadzi, migwalangwa n'kumaoneka mitu yokha, ngati anthu aatali amene akuwoloka osafika. Zisumbu za udzu zinkayenda zokha. Pamene dzulo panali njira ya mwadiya, lero wapeza munda wa maluwa a nyika, timbalame tamiyendo yaitali tikuyenda pamasamba ake ngati pabwalo. Mvuu zinkatsokomola kutali. Ndipo pamwamba pa zonsezi pankayandama utsi wa nsomba zowamba, wopyapyala, wosafulumira, womwe mpaka lero ndimaumva m'malaya ndikadzuka.

Ntchito ya akazi anga inali kutumbula ndi kuwamba nsomba. Ankakhala padoko miyendo atatambasula, makakana ndi milamba zitaunjikana pambali, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene sankaimaliza. Chala chawo chinkalowa m'mimba mwa nsomba n'kutulutsa kandulu kobiriwira kosaphulika, n'kukaponya m'madzi osayang'anako. Nsomba zawo sizinkawawa. Amayi a m'mudzi ankabwera kudzasinthanitsa ndi mapira, ndipo antchito a njanji ankaziitanitsa. Pakhomo pathu sipankasowa munthu: wopala moto, wopempha mchere, wongofuna madzi a mumtsuko wawo chifukwa akuti ankazizira kuposa a m'mitsuko ina.

Koma ndulu imene anthu akwathu amaiopa si ya nsomba. Ng'ona ikaphedwa, mudzi wonse unkaitanidwa, masana dzuwa lili pamutu. Ankachotsa nduluyo akuluakulu akuona, n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense atsimikize kuti ndi yathunthu, yosabooledwa, yosachekedwa paliponse. Kenaka ankaimangirira kumwala n'kukaimiza pakati pa mtsinje. Amati kadontho kake kobisidwa m'chikhadabo kakagwera m'chikho cha uchema, mowa wathu wa migwalangwa, womwayo safika kunyumba. Ngati n'zoona kapena ayi, ine sindinayesepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wonenedwa kuti akusunga ndulu sadyanso ndi anzake.

Matenda anayamba itapita njala yaikulu imene tinapulumuka podya nyika. Chakudya chitabwerera, akazi anga akadya mlamba wamafuta ankagwidwa ndi ululu pansi pa nthiti za kumanja, wolasa mpaka kuphewa. Ankapindika pamphasa, thukuta lili kamukamu, n'kusanza zobiriwira. Zikatha ankadzuka n'kubwerera kudoko ngati palibe chachitika. Amayi awo anawatema mphini, anawamwetsa mizu yowawa, akulu a mpingo anapemphera. Ululu unkapita n'kubweranso ngati madzi a mtsinje, ndipo ulendo uliwonse unkafika patali kuposa kale. Tsiku lina anagwa padoko, mpeni uli m'manja. Pamenepo ndinapempha chilolezo kwa alamu, chifukwa mkamwini satenga mwana wa eni popanda mawu, ndipo tinasiya mwana wathu wamkazi kwa agogo ake n'kukwera sitima yopita kumapiri, kumene kunali chipatala cha mishoni chokhala ndi dokotala wodziwa kung'amba.

Akazi anga anali asanakwerepo kumtunda. Sitima itayamba kukwera m'mbali mwa Ruo, anatulutsa mutu pazenera n'kuyang'ana m'mbuyo. Chigwa chonse chinali chitagona pansi pathu, dambo likunyezimira ngati mamba a nsomba imodzi yaikulu.

“Abambo a mwana,” anatero, “kodi kumene tija timakhala n'kochepa chonchi? Nanga mikangano yonse ija imakwana pati?”

Dokotala anali mzungu wamtali, wofiira khosi, wolankhula Chinyanja cha kumapiri chotulukira m'mphuno. Anapapasa pamimba, nati m'ndulu muli timiyala, ndipo iyenera kuchoka. Akazi anga anamufunsa ngati munthu angakhale ndi moyo wopanda ndulu. Iye anati inde. Iwo anaseka, ngakhale kuseka kunkawapweteka, nati nsomba zonse zimene anazichotsa ndulu palibe imene inabwerera m'madzi. Komabe anavomera. Anawagonetsa ndi mankhwala onunkhiza pamphuno, ine ndinakhala panja pansi pa mtengo wa bulugamu ndikunjenjemera ndi mphepo ya kumapiri, ndipo dzuwa litapendeka anandiuza kuti adzuka.

Masiku otsatira, poona kuti ndimalemba chilichonse chimene wanena, dokotala anandiitanira m'kachipinda kake. Munali fungo la sipiriti. Pathabwa panali mabotolo, lililonse ndi kapepala kake, ndipo m'limodzi munali ndulu ya akazi anga, yotuwa, yomangidwa pakhosi ndi ulusi, yofanana ndi mbatata yaing'ono. Anandiuza kuti iye ali ndi lamulo limene anadziikira yekha: chilichonse chimene wachotsa m'thupi la munthu sachitaya asanachiyang'ane mkati, ngakhale chioneke chabwino bwanji. Anati pali nthenda yobisala, chotupa chodya munthu mwakachetechete, imene masiku ano mukuitcha khansa. Nthawi zina imayambira m'khoma la ndulu ili yaing'ono kuposa njere ya mapira, yosaoneka ndi maso. Ndiye ankasiya chinthucho m'mankhwala kuti chilimbe, kenaka n'kudulako kachidutswa, kukaumba m'phula, kukasenga mopyapyala kuposa phiko la tombolombo, kukadaya ndi utoto, n'kukaika pansi pa makina ake a magalasi.

“Ndipo ya mkazi wako ndiyenera kuiona ndithu,” anatero. “Pali pena polimba. Mwina n'chipsera cha miyala basi. Kawirikawiri zimatero. Koma mwina ndi china. Ngati ndi china, ndidzatsegulanso msanga n'kudula m'mbali mwa chiwindi, chisanayende.”

Kenaka anaika kagalasi ka munthu wina pamakinawo, natembenuza kalilole kuti kagwire kuwala kwa pazenera, nandiuza kuti nditsinzine diso limodzi.

Sindinaone nyama. Ndinaona dambo lathu, monga tinalionera tili m'sitima. Munali mitsinje yotuwa yokhotakhota, zisumbu zofiirira, magombe opindika, ndipo m'mphepete mwa gombe lililonse munali timadontho tabuluu tondandama bwinobwino, ngati nyumba za asodzi zoyang'ana kumadzi. Ndinayembekeza kuona mwadiya ukutuluka m'bango. Dokotala anati nyumbazo zikakhala pamzere wake, munthu ali bwino. Koma zikayamba kuunjikana, kukwerana, kulowerera m'minda ya eni, ndiye nthenda ija. Ndinachotsa diso, n'kulibwezeranso. Ndinaganiza kuti Mulungu anajambula dziko kamodzi kokha, kenaka n'kumalibwereza paliponse, ngakhale m'mimba mwa munthu. Ndinatuluka m'menemo mtima uli m'malo. Ndinkangodikira tsiku loona dambo la akazi anga.

M'malo mwake kunabwera alamu.

Anatsika sitima atanyamula mtanga wa nsomba zouma, atafunda bulangete ngati wodwala, chifukwa cha kuzizira. Anapereka moni kwa mlongo wawo, anaona bala, anayamika Mulungu. Kenaka anandikokera pakhonde.

“Alamu, ndulu ili kuti?”

“Ili kwa dokotala. Akufuna aiyeze.”

“M'botolo?”

“M'botolo.”

“Lokhala ndi kapepala?”

Ndinavomera. Iwo anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva maliro. Anandiuza kuti munthu wina wa kwathu, wogwira ntchito panjanji, anabwera kudzatsukitsa chilonda, nasuzumira m'kachipinda kaja. Mawu anatsika ndi sitima. Pofika kwa Mlolo anali atanenepa: akuti Msena wa mapepala uja wang'ambitsa mkazi wake kwa mzungu kuti apeze ndulu ya munthu, ndipo waisunga m'botolo, walembapo ndi dzina.

“Ndiye mudziwe,” anatero alamu, “pakhomo panu pamera udzu. Nsomba zimene amayi anawamba zabwerera zonse. Mwana wanu anzake akumuthawa akatenga chikho. Ya ng'ona timaiopa chonchija, nanga ya munthu?”

“Zimenezo n'zaumbuli, alamu.”

“Eya, n'zaumbuli. Ndiye mukadya ndi yani, anzeru inu? Mapepala?”

Ndinawafotokozera zonse, za njere ya mapira, za phiko la tombolombo, za malo olimba aja. Ndinati dokotala angodulako kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, yotsalayo titenge.

“Ngati chikhadabo!” Alamu anaseka mowawa. “Mwasankha bwino mawu. Ndikafike nayo yobenthuka, ndiikweze pamaso pa anthu, ndiwauze kuti kachidutswa katsala kwa mzungu? Adzati katsala m'thumba mwanu. Bola kusabwera nayo n'komwe. Ipite yathunthu, ulusi wake uli pomwepo.”

Tinapita kwa dokotala tonse awiri, ine ndikumasulira pamene Chinyanja chake ndi Chimang'anja cha alamu zinkasemphana. Dokotala anafiira mpaka m'makutu. Anati sapereka. Alamu anati sachoka. Dokotala anati iye ndiye anaichotsa. Alamu anati ngakhale mzamba amachotsa mwana, koma sapita naye kwawo. Pomaliza dokotala anati nduluyo si yake, si ya alamu, si yanganso. Mwini wake ali pabedi, tikamufunse.

Ine ndinakondwa, chifukwa ndinkadziwa kuti akazi anga ndi munthu wanzeru. Ndinawafotokozera mofatsa, mwadongosolo, monga ndimawerengera sikelo kwa alimi. Iwo anamvetsera atayang'ana kudenga, manja ali pabala.

“Dokotala akuti chilipo?” anafunsa.

“Akuti mwina.”

“Achimwene, anthu akuti asiya kubwera, kapena mwina asiya?”

“Asiya, mlongo wanga.”

“Ndiye apa pali mwina, apa pali ndithu.” Anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. “Abambo a mwana, inu mumapita kumsika m'mawa, mumacheza ndi sikelo yanu. Ine ndimatsala pakhomo. Munthu amene anzake sapala moto kwake, mwamuika kale m'manda, kwangotsala dothi. Nanga mwanayo adzakwatiwa ndi yani? Ipite kumadzi.”

“Nkhabe! Ayi!” Chisena chinandituluka chokha, monga chimachitira ndikapsa mtima. “Mukafa nacho chinthucho?”

“Ndidzafa anthu akudya kwathu.”

Dokotala anayesanso, koma iwo anatseka maso, ndipo ndinkawadziwa: akatseka maso chonchija nkhani yatha. Iye anapita kukatenga botolo lija nalipereka m'manja mwa alamu osawayang'ana. Tsiku lotuluka anandipatsa pepala lija, nandigwira pamkono.

“Tsopano makina ndi iwe,” anatero. “Uziyang'ana poyera pa maso ake, kunja, m'mawa, pa kuwala kwa dzuwa. Pakayamba chikasu, kapena akayamba kuonda, usadikire. Bwera naye.”

Ndinamufunsa kuti ndiziyang'ana mpaka liti. Anakweza mapewa. Mwina akanandiuza kuti zaka zingapo zikadutsa ndisiye, koma nthawi yomweyo anamuitana kwa wodwala wina, ndipo sitima sinkadikira. Pamene ndinadzafuna kumufunsanso, anali atabwerera kwawo. Chimenechonso ndimakwiya nacho. Munthu wolemba kapepala pabotolo lililonse analephera kundilembera mzere umodzi wonena tsiku lopuma.

Nduluyo anakaimiza m'madzi masana, pamene Ruo amathira mu Shire, pomwe madzi amitundu iwiri amayenda limodzi osasakanikirana. Mudzi wonse unaima pagombe, ndi a midzi ina omwe. Alamu anaitulutsa m'botolo, naikweza m'mwamba, natembenuka nayo pang'onopang'ono kuti aliyense aone ulusi wa dokotala uli pakhosi pake. Nkhalamba ina imene inaphapo ng'ona zambiri inaiyang'anitsitsa mbali zonse, niti yathunthu. Mkulu wa mpingo, posadziwa pemphero loyenera, anapempherera mvula. Kenaka alamu anaimangirira kumwala pamodzi ndi botolo lomwe, n'kupalasa kupita pakati.

Akazi anga anakhala pamphasa pagombe, atafunda chitenje chatsopano, akuonerera ngati ndi ukwati wa munthu wina. Ine ndinaima kumbuyo. Ndinaona dzanja la alamu likutsika, madzi akutseguka pang'ono n'kutsekanso. Kunalibe phokoso. Ndinaganiza za dambo laling'ono lija, mitsinje yake ndi tinyumba take, likumira m'dambo lalikulu popanda diso limene laliona. Kakowa mmodzi anauluka kuchokera m'bango, nadutsa pamalo pomwepo, napita.

Tisanafike kunyumba, mayi wina anali atatsogola kale ndi phale kudzapala moto. Wina anabwera kudzafunsa ngati mtsuko uja ukadali ndi madzi ozizira. Anamwa akundiyang'ana, ngati akundichitira chifundo. Awa ndi anthu omwe aja amene anathawitsa ana awo mwana wanga. Palibe mmodzi anapepesa. Ndikulemba pano kuti zidziwike: palibe ndi mmodzi yemwe.

M'mawa mwake ndinawatulutsa panja akazi anga dzuwa likutuluka. Ndinawaimika moyang'ana kum'mawa, ndinagwira chibwano chawo, ndi chala chachikulu ndinatsitsa chikope cha m'munsi, diso lamanja, kenaka lamanzere. Munali moyera ngati mkati mwa chigoba cha nkhono.

“Mwapeza chiyani, a dokotala?” anafunsa.

“Palibe.”

“Ndiye ndisiyeni, nsomba zikundidikira.”

Mawa lake ndinachitanso chimodzimodzi, ndi mkuja wake. Alamu ankati akadutsa ndi nkhafi paphewa n'kutipeza, amafuula kuti, “Alamu, mukuwerenga kalata yanji m'menemo? Mutiuzeko ngati ikunena za mtengo wa thonje!” Amayi opita kumadzi ankabisa kuseka m'zitenje. Anyamata anayamba kunena kuti Asena ali ndi mankhwala achikondi othira ndi chala m'maso. Iwo anapeza mtendere wawo tsiku limodzi, pamtengo wa mwala ndi chingwe. Wanga unali pansi pa mtsinje.

Sindinganame kuti m'mawa uliwonse unali wofanana. Dzuwa la kuno limatuluka lachikasu nthawi ya fumbi, ndipo linkandinamiza. Akazi anga ndinkawakokera pamthunzi, n'kuwabwezeranso poyera, mpaka iwo kundimenya dzanja. Utsi wa nsomba unkawafiiritsa maso. Chaka china malungo anawagwira, maso n'kuchita chikasu chenicheni, ndipo ndinawanyamula mpaka pasiteshoni ndikulira ngati mwana, koma kwinini atagwira ntchito chikasucho chinatha. Akachepetsa kudya ndinkayeza dzanja lawo ndi zala zanga mobisa, ngati ndikungowagwira. Ankadziwa. Ankati, “Mwamaliza kupima thonje lanu?”

Madzi atasefukira n'kutithamangitsira pachulu, ndinawayang'ana maso pachulu pomwepo, mbuzi ndi nkhuku zitatizungulira, bokosi la mapepala lili pambali panga, denga la nyumba yathu likuyandama kupita kwa Apwitikizi. Tikakangana, osalankhulana, ankatulukabe m'mawa n'kuima moyang'ana kum'mawa, milomo atatupitsa, kudikira kuti ndimalize. Atabereka ana ena, ndinkaona maso a mayi ndisanaone nkhope ya khanda. Ndipo pang'onopang'ono ndinayamba kudziwa za m'maso amenewo zimene sindinkazifuna. Munali kamtsempha kofiira kokhota ngati Ruo. Munali kadontho kakuda m'mbali mwa diso lamanzere, ngati mwadiya wokocheza. Pakati pa diso, ndikayandikira, ndinkaona migwalangwa ya kumbuyo kwanga, nkhungu, mbalame zikuwoloka, ndi kamunthu kakang'ono kokwinya nkhope, kamene kanali ine. Dambo limene anandimana pamakina a dokotala ndinkaliona m'menemo, koma silinkayankha funso langa.

Alamu anamwalira ali nkhalamba. Atadwala ndinapita kukawaona, ndipo anandikodola kuti ndiyandikire. Ndinayesa akufuna kupepesa. Anatsitsa chikope chawo ndi chala, nati, “Taonani, alamu, muli chiyani?” n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndinawakonda munthu ameneyo, koma sindinawakhululukire, ndipo ankadziwa zonse ziwiri.

Anthu amandiuza kuti, nanga mukwiyiranji, poti mayi aja anakhala moyo mpaka imvi? Ndiye kusamva kumeneko. Inde anakhala. Malo olimba aja anali chipsera chabe, zikuoneka. Koma zimenezo ndazidziwa moyo utatha. Dokotala akanazidziwa masana amodzi, ndi diso limodzi, n'kulemba mawu awiri pamalo oyera aja, ine n'kumagona tulo ngati amuna ena. Kachidutswa kochepa ngati chikhadabo! Masiku ano ndikumva kuti m'zipatala zina chilichonse chochotsedwa mwa munthu chimapita kukayezedwa, ndipo ena amadandaula kuti n'kutaya nthawi poti zambiri zimapezeka zabwino. Abwere andifunse ine kulemera kwake kwa mawu akuti zabwino, pamene palibe wokuuza.

Chakumapeto maso a akazi anga anachita ng'ala. Pakati pomwe ndinkaona migwalangwa panagwa nkhungu yosachoka, ndipo kamunthu kaja sindinkakaonanso. Sankatha kuyenda okha, ndiye ndinkawatsogolera pakhomo, kuwakhazika pampando, kuwatembenuzira kumene kukuchokera kutentha kwa dzuwa. Chifuwa n'chimene chinawatenga, m'nyengo yozizira. M'mawa wotsiriza anandipempha okha kuti ndiwatulutse. Khungu la chikope chawo linali lofewa ngati pepala lakale. Ndinatsitsa lamanja, kenaka lamanzere.

“Mwapeza chiyani, a dokotala?”

“Palibe, amake mwana. N'moyera.”

“Zaka zonsezi osapeza kanthu,” anatero, mawu ali pansipansi. “Mzungu uja akanakuuzani tsiku lomwe lija kuti palibe, mukanandiyang'ananso liti?”

Ndinali ndi yankho, ndipo ndikadali nalo, lokonzedwa bwino, loti munthu sayenera kugula chikondi ndi mantha. Koma iwo anali atatseka maso.

Pepala lija ndalibwezera m'bokosi. Mdzukulu wanga wina anandiuza kuti ndingolembapo ndekha kuti munalibe kanthu, nkhani ithe. Ndinakana. Ine sindilemba chimene sichinayezedwe. Koma m'mawa ndimatulukabe dzuwa lisanakwere, n'kuima moyang'ana kumtsinje, kumene nkhungu imagona pamwamba pa malo aja, ndipo ndimapeza chala changa chachikulu chitadzuka chokha.